Ndinakwera Denga ku Kapondo

Bambo anga ankakonza mawailesi pa Mkanda. Luso limeneli anabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Zambia, kumene anathera unyamata wawo, ndipo atabwerera kumudzi anapempha malo pakhonde la golosale ya bambo wina wachisilamu wochokera ku Mangochi. Pakhondepo panali tebulo, benchi, kambaula ka makala kotenthetsera chitsulo chowotcherera mawaya, ndi katoni ya mawailesi akufa amene ankachotsamo zipangizo zokonzera amoyo. Magetsi pa Mkanda panalibe. Amene anali ndi wailesi yaikulu ankaiyendetsa ndi batire la galimoto, ndipo likatha moto ankalimanga pakaliyala n'kupalasa ulendo wautali kukatchajitsa ku boma.

Ine sukulu ndinalekezera folomu 2 chifukwa cha mimba. Mwamuna wanga anabwera kudzakhala kwathu monga mwa mwambo, koma mwana atayamba kuyenda, iye anapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya ku Kasungu n'kukwatira komweko. Ndinatsala ndikulima mtedza ndi amayi, ndikulera mwana wanga wamkazi, ndipo ndinkaganiza kuti moyo wanga ndi womwewo basi.

Chimene chinandikokera kukhonde kuja ndi maso a bambo. Anayamba kuchita ng'ala pang'onopang'ono, koma sankafuna kuti anthu adziwe, poopa kuti asiya kuwabweretsera mawailesi. Tsiku lina nditawapititsira chakudya chamasana, anandiitana pafupi n'kundilozera m'mimba mwa wailesi imene anali ataitsegula.

"Kawaya aka n'kofiira kapena n'kakuda?"

"N'kofiira, bambo."

"Kaduka kapena kali bwino?"

"Kaduka chakumapeto uku."

Anachotsa chitsulo pambaula n'kundipatsa. "Gwira. Manja ako sanjenjemera."

Kuyambira pamenepo ndinkapita kukhonde tsiku lililonse ndikaweruka kumunda. Bambo ankamvetsera kaliridwe ka wailesi n'kudziwa pamene pali vuto, ine n'kukhala maso ndi zala zawo. Eni mawailesi ena sankakondwa nazo. Ankati, "Madala, iyi mukonze nokha, musapatse mtsikanayu." Bambo ankavomera mwaulemu, munthuyo akangokhota pakona n'kundikankhira wailesiyo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 palafini ankasowa kwambiri, chifukwa nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira zimene mafuta ankadzera. M'tizipatala ta kumidzi katemera wa ana ankasungidwa m'mafiliji oyendera palafini, ndiye palafini akatha katemera ankafunda n'kuwonongeka. Amayi a m'midzi ankayenda mtunda wautali ana ali kumbuyo kupita ku sikelo, n'kukauzidwa kuti adzabwerenso mwezi wamawa. Ndi pamene a chipatala china cha mishoni anapeza thandizo loika mafiliji oyendera mphamvu ya dzuwa, zimene tonse tinadzazolowera kungoti sola.

Amene anabwera kudzaika zinthuzi anali mmisiri wa zamagetsi wochokera ku Lilongwe, bambo wamfupi, wadazi, wolankhula mosathamanga. Anafika pakhonde pathu pa njinga yamoto tsiku la msika.

"Madala, ndafunsa paliponse, akuti wodziwa waya kuno ndinu. Ndikufuna munthu wa konkuno woti ndimuphunzitse. Sindingamachoke ku Lilongwe chifukwa cha fyuzi imodzi."

"Wodziwa waya ndinali ine," anatero bambo. "Pano ndi uyu."

Mmisiri uja anandiyang'ana, n'kuyang'ananso mwana wanga amene ankasewera ndi mabatire akutha a tochi pansi pa tebulo. Sananyoze. Anatenga wailesi imene ndinali nditangomaliza kukonza, n'kuitembenuza, n'kuona mmene ndinawotcherera.

"Dzanja lilipo," anatero. "Koma mayi, mbali ina ya ntchito imeneyi ndi ya padenga."

Tonse tinamva chimene ankatanthauza. Masiku amenewo lamulo silinkalola mkazi kuvala buluku, ndipo mkazi wovala chitenje sangakwere makwerero anthu ali pansi. Bambo anati padenga azikwera wina, ine ndizigwira zapansi. Anagwirizana choncho, ndipo mmisiri anapeza kalipentala wina wa ku Kapondo woti azikhoma mapanelo pamwamba.

Anatiphunzitsa awirife tikuyenda naye m'zipatala zija. Panelo ya sola inkaoneka ngati chitseko chagalasi, chakuda bii. Dzuwa likaiomba, moto unkatsika ndi waya kulowa m'kabokosi ka pakhoma, kuchoka apo n'kulowa m'mabatire, mabatire n'kumadyetsa filiji usana ndi usiku. Pakabokosipo panali timagetsi tiwiri. Kobiriwira kakayaka ndiye kuti zonse zili bwino, kofiira kakayaka ndiye kuti mabatire ali ndi njala. Ndinaphunzira kuyeza moto ndi mita, kuthira madzi m'mabatire, kupala zoyangayanga zimene zimamera pamitu ya batire, ndi kulumikiza mawaya mosasemphanitsa. Mmisiri anali mphunzitsi woleza mtima. Ukalakwitsa sankakulanda sipanala, ankangofunsa kuti, "Moto ukuchokera kuti, ukupita kuti?" mpaka uone wekha.

Anthu a m'midzi sanazilandire msanga. Ena ankati galasilo liziitana mphenzi. Ena ankanong'onezana kuti ndi khutu la boma, loti lizimva zimene anthu akulankhula, moti ndinaonapo azibambo akudula nkhani pakati podutsa pachipatala, n'kukaipitiriza atafika patali. Mantha otere sitinkawaseka, chifukwa tonse tinkadziwa anthu amene anatengedwa chifukwa cha mawu a pamowa. Koma manthawo anatha okha anthu ataona kuti katemera sakusowanso.

Mmisiri pobwerera ku Lilongwe anandisiyira chikwama cha zipangizo ndi njinga yakapalasa. Mwezi uliwonse ndinkazungulira tizipatala tija, ndipo a mishoni ankandilipira monga wantchito wawo. Amayi, amene poyamba ankati ndikudzichotsera mwayi wa banja lina, anayamba kundisungira mwana mosadandaula.

Mvula yoyamba ya chaka chotsatira inabwera ndi chimphepo chimene chinasasula madenga ndi kugwetsa zigafa za fodya. Inalinso nyengo imene chikuku chinabuka m'midzi ya ku Kapondo, ndipo anamwino a kachipatala kena kumeneko anali atalandira katemera wambiri n'kuitanitsa amayi kuti abwere ndi ana kudzabayitsa. M'mawa wina kunafika munthu pa njinga, thukuta lili kamukamu, kudzandiuza kuti kagetsi kofiira kayaka ndipo sikakuzima. Kalipentala anali atapita kumaliro kwa abale ake kutsidya, ku Zambia. Lamya yoti n'kuimbira mmisiri inali ku boma.

Ndikumanga chikwama pakaliyala, bambo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kamtolo kokulunga m'pepala. Munali ovolosi yawo ya ku migodi, yothetheka m'maondo.

"Ika pansi pa zipangizo," anatero. "Ukafika ukaona wekha. Wina akakufunsa, ine sindinakupatse kanthu."

Ndinafika dzuwa litakwera. Pabwalo la chipatala panali podzaza ndi amayi, ena atakhala pansi pa mitengo ya mango, ana akulira. Anamwino, mayi wojintcha amene tinkadziwana bwino, anandikokera m'chipinda cha filiji.

"M'katimu mukadali mozizira, koma filiji yasiya kulira. Amene abwerawa ndiwabaya lero, koma katemera ali umuyu ndi wa midzi yonse. Akafunda ndimutaya, ndipo wina sindikudziwa kuti adzabwera liti."

Ndinayeza mabatire, anali ofooka. Fyuzi inali yabwinobwino. Nditayeza waya wochokera kudenga, singano ya mita sinasunthe n'komwe, chonsecho kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Vuto linali pamwamba.

Tinapempha mlonda wa pachipatala, bambo wachikulire, kuti akwere. Anakwera mpaka m'mphepete mwa denga, n'kusuzumira, n'kunena kuti galasi lilipo, silinasweke. Nditawapempha kuti atsegule kabokosi ka kuseri kwa panelo anakana, ati sakufuna kufa ndi magetsi adzukulu akuwadalira. Sindinawaimbe mlandu.

Ndinawauza anamwino za ovolosi. Iwo anatuluka pakhonde n'kuomba m'manja.

"Azibambo nonse, tapitani kuseri kwa chigayo uko. Pano pali za amayi."

Mawu amenewo mwamuna wa kwathu sawafunsa kawiri. Amuna ochepa amene anaperekeza akazi awo ananyamuka ndi njinga zawo, mlonda pambuyo. Ndinavala ovolosi m'chipinda cha filiji, n'kupinda miyendo yake chifukwa inali yaitali, n'kumanga chitenje pamwamba pake. Amayi awiri anandigwirira makwerero.

Ndinali ndisanakwerepo chinthu chichokereni ku utsikana, pamene tinkakwera mitengo ya masuku. Malata anali otentha ngati chiwaya, ndipo ankalira ndikaponda. Ndinayenda chokwawa, kutsata mzere wa misomali monga ndinkaonera kalipentala, chifukwa pansi pa misomali ndi pamene pali mtanda. Chitenje chinkandikola m'maondo, mphepo n'kumachiuluza. Nditatsala pang'ono kutsetsereka ndinachimasula n'kuchiponya pansi. Ndinamva amayi ena akudzuma, ena akuseka, koma sindinacheuke.

Chimphepo chija chinali chitatukula panelo mbali imodzi n'kuzula waya m'kabokosi ka kuseri, ndipo madzi anali atalowamo. Ndinapukuta, n'kupala waya ndi mpeni mpaka mkuwa unawala, n'kumubwezera pamalo pake, n'kumanga zolimba. Kenaka ndinakhomanso mwendo wa panelo umene unazuka. Ndisanamalize ndinamva mawu a anamwino kuchokera pawindo.

"Kobiriwira kayaka."

Ndisanatsike ndinayamba ndakhala pamsonga pa denga. Kuchokera pamenepo ndinkaona minda yongobzalidwa kumene, dambo likunyezimira ndi madzi, ndi mapiri a Mchinji patali. Ndinabadwira m'dziko limeneli koma ndinali ndisanalionepo chotero. Pansi amayi anayamba nthungululu.

Nthungululuzo ndi zimene zinakopa mnyamata wa chipani amene ankayang'ana makadi pamsewu wolowera kuchipatala. Masiku amenewo wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika, nthawi zina ngakhale kuchipatala komwe. Anafika ine ndili pakati pa makwerero, miyendo ya ovolosi ili poyera. Anadikira kuti nditsike.

"Mayi, malamulo a dziko lino mumawadziwa?"

"Ndimawadziwa, achimwene."

"Mawa m'mawa mukaonekere kwa atcheyamani."

Kunyumba amayi analira, ati ndawaitanira tsoka. Nkhani yotere inkatha kuthera kwa atcheyamani a dera, koma inkathanso kupita kupolisi, ndipo ikafika kumeneko inkasanduka yonyoza boma. Kutacha bambo anavala jekete lawo n'kukhala pakaliyala, ine n'kupalasa kubwerera ku Kapondo.

Mlandu unakambidwa m'kalasi ya pasukulu ya pulayimale. Atcheyamani a chipani m'deralo anali mlimi wa fodya, munthu wosakonda phokoso. Pambali pawo panakhala amayi atcheya a gulu la amayi. Amayi otere ndinkawaopa kuposa abambo, chifukwa ndiwo ankasonkhanitsa akazi ku magule mtsogoleri wa dziko akamabwera kudzayendera mbewu, ndipo mawu awo ankafika patali.

Mnyamata uja anafotokoza zimene anaona, ndipo sananame. Anamwino anafotokoza za katemera. Kenaka bambo anaimirira n'kunena kuti ovolosiyo ndi yawo, ndipo ngati pali wolakwa ndi iwo amene anaipereka. Ndinawayang'ana modabwa, poti dzulo lake lomwelo anati sanandipatse kanthu.

Amayi atcheya anatsokomola.

"Ine dzulo ndinali pomwepo, ndinaperekeza mwana wanga ndi kamdzukulu. Buluku sindinalione. Ndinaona chovala cha ntchito."

"Chovala cha ntchitocho chilibe miyendo?" anafunsa atcheyamani.

"Chili nayo. Komatu amuna tinawathamangitsa. Amene anabwera kudzasuzumira za amayi ndi mwana uyu, ndipo mlandu umenewo sitinauyambe."

Anthu amene anadzaza m'mawindo anaseka, mnyamata uja n'kuwerama. Atcheyamani sanaseke. Anati lamulo ndi lamulo, iwo sangalisinthe, koma nkhaniyi ithere pomwepo. Anandilamula kuti ndisadzavalenso chovalacho kapena kukwera denga m'dera lawo, ndiponso kuti ndikatunge madzi oumbira njerwa za ofesi ya chipani kwa sabata. Ndinatunga madziwo. Amayi ena amene anali ku sikelo tsiku lija anabwera ndi ndowa zawo kudzandithandiza osaitanidwa. Lamulo la mabuluku linadzachotsedwa patapita zaka, koma pofika nthawiyo ntchito yanga inali itatenga kale njira ina.

Njira inayo inayamba chonchi. Mmisiri atabwera n'kumva zonse, anakhala pabenchi ya bambo akusisita dazi lake. Anati sangalole kuti filiji iziima chifukwa kalipentala wapita kumaliro, komanso sangandiike m'mavuto kachiwiri. Mwini golosale, amene ankamvetsera ataima pakhomo, analowererapo. Iye anali atagula mapanelo kwa dalaivala wa thiraki wodutsa pa boda ya Mwami, ndipo ankafuna kuyamba kutchaja mabatire a anthu pa Mkanda pomwepo, koma denga la golosale yake linali lofooka.

"Bwanji osaziika pamlongoti ngati mbendera?" anatero.

Ine ndinati mlongotiwo ukhale woti n'kuugoneka pansi pofuna kukonza, n'kuudzutsanso. Mmisiri anajambula padothi ndi kamtengo: paipi yachitsulo, bawuti yaikulu m'munsi yoti paipi izitembenukirapo, ndi felemu pamwamba yopendekera kumpoto, kumene dzuwa limadzera nthawi yaitali pachaka. Tinapita nawo maganizowo kwa wowotcherera zitsulo wina wa ku boma, amene ntchito yake inali mafelemu a mawindo ndi kukonza ngolo.

Mlongoti woyamba unatichititsa manyazi. Paipi inali yopyapyala, ndipo mwera utawomba unapindika ngati phesi la chimanga, panelo imodzi n'kung'aluka pakona. Mwini golosale anangoti, "Zonse n'za Mulungu," n'kutiuza kuti tiyeserenso. Wachiwiri tinapangira mapaipi akale a mjigo, okhuthala, ndipo unaima. Ndinkaugoneka ndi chingwe mothandizana ndi munthu mmodzi, n'kukonza zonse nditaima pansi, chitenje chili m'chiuno.

Apa ndi pamene ntchito inayamba kuswana. Anthu anasiya kupalasa mpaka ku boma ndi mabatire. Azibambo amene ankadyera ganyu yonyamula mabatire kupita ku boma anakwiya nafe poyamba, mpaka wina anandilalatira pamsika kuti ndawalanda chakudya pakamwa. Mwini golosale anawaitana n'kuwauza kuti azizungulira m'midzi kutolera mabatire ndi kuwabweza atadzaza. Mtunda unafupika koma mabatire anachuluka, chifukwa anthu amene kale sankaona chifukwa chogulira batire tsopano anagula. Amene anandilalatira uja ndiye anadzakhala wotolera wamkulu, mpaka anagulira mng'ono wake njinga kuti azithandizana.

Wowotcherera wa ku boma analemba anthu ena ntchito, poti milongoti inkafunidwa ndi aphunzitsi akulu, eni maesiteti, ndi eni magolosale a ku Kamwendo ndi ku Kapiri. Kumzikiti anafuna sola ya zokuzira mawu, akutchalitchi nawonso sanafune kutsalira. Kalipentala uja ntchito sinamuthere. Ankapanga mabokosi otsekera mabatire kuti ana asamagwire asidi, ndipo madenga olimba ankakwerabe ndi iye. Amayi ena achikulire ankatikingira madzi a mvula m'mabeseni oyera pabwalo n'kusunga m'mabotolo, chifukwa madzi a pachitsime amapha batire. Ngakhale a kutsidya ankabwera kudzanditenga, akufunsa pamsika m'kalankhulidwe kawo kuti, "Ali kuti amai ba sola?" Ndinkapita, pakuti kwa ife a m'malire kutsidya ndi kwa abale.

Sindinganene kuti tinalemera. Mapanelo anali odula, ndipo miyezi ya mitambo mabatire sankadzaza bwino, anthu n'kumatidandaula. Koma ndikamayenda pa Mkanda tsiku la msika ndinkaloza chamumtima: uyo amadya za sola, uyonso, uyo mwana wake ali ku sekondale chifukwa cha sola. Zaka zochepa m'mbuyomo ntchito zimenezi kunalibe. Munthu wa kwathu akafuna ntchito ankapita kukakhala tenanti ku esiteti, kapena kuwoloka malire.

Bambo anali atasiyiratu kuona. Ankakhalabe pabenchi yawo, ndipo ndikalumikiza waya ankapempha kuti amukhudze ndi chala. Akapeza pokhakhala ankandibwezera.

Ntchito itandichulukira ndinayamba kuphunzitsa ena, ndipo ndinkasankha akazi, poti tsopano panalibe chowaletsa. Amene ndimamukumbukira kwambiri ndi mayi wina wa ku Mlonyeni, amene anabwera kudera la Mkanda ndi mwamuna wake ngati matenanti, mwamunayo n'kumwalira fodya asanagulitsidwe. Ankagulitsa zitumbuwa pafupi ndi khonde lathu, ndipo ndinaona kuti maso ake sankachoka pa manja anga. Tsiku lina ananena yekha.

"Achemwali, ine sukulu ndinalekezera sitandade 4. Zimenezi zimafuna Chingerezi?"

"Zimafuna kusiyanitsa chofiira ndi chakuda, ndi kusathamanga."

"Kusathamanga ndimatha."

Anaphunzira movutika. Manambala a pamita ankamusokoneza, ndipo tsiku lina anasemphanitsa mawaya n'kupsereza kabokosi ka pagolosale. Analira kwambiri n'kunena kuti akubwerera ku zitumbuwa zake. Ndinamuuza kuti mawa alawire, tikaike sola kwa aphunzitsi. Analawira. Chaka chitatembenuka anali akugoneka mlongoti, kuyeza, kukonza, ine ndikungoyang'ana.

Kenaka anati akufuna kubwerera kwawo. Ku Mlonyeni kunalibe wa sola, ndipo mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina kumeneko anali atagula panelo ku Chipata n'kusowa womuikira. Ndinamugawira masipanala, mpeni, ndi mita yanga yakale. Mlongoti anakautenga yekha ku boma n'kuukweza pangolo. Ndinafuna kumuperekeza koma anakana.

"Mukabwera, anthu adzati mwaika ndinu. Mudzabwere zitayaka."

Ndinapirira, mtima uli m'mwamba. Ndinkaganiza za bawuti, kuti mwina sanaimange zolimba, ndi za felemu, kuti mwina waipendeketsera kolakwika. Titamaliza kukumba mtedza ndinakwera njinga mpaka ku boma, n'kupitirira ku Mlonyeni.

Mlongoti ndinauonera patali, utaima njo kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi. Ndinauzungulira, n'kuugwedeza, sunasunthe. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti waya sindinamuone. Ine ndinkadutsitsa waya m'mwamba kuchoka pamlongoti kupita kunyumba, ndipo kawirikawiri ankaduka ndi ngolo zodzaza chimanga kapena ana okoka. Mayi uja anali atamulowetsa m'paipi yapulasitiki n'kumukwirira pansi, n'kuyala njerwa pamwamba kuti wolima asamutseme ndi khasu.

Anandipeza nditagwada, ndikufukula dothi ndi chala kuti ndionetsetse. Anali atasenza batire pamutu, pankhata, ndipo pambuyo pake panali mayi wina wamsinkhu wake atanyamula chikwama cha zipangizo.

"Mwapeza cholakwika, achemwali?"

"Ayi. Za paipizi anakuuza ndani?"

"Palibe. Kuno mbuzi zimatafuna chilichonse chimene chalendewera."

Anatula batire, n'kundiuza kuti mayi anali nayeyo ndi mlamu wake, wayamba kuphunzira, ndipo pali nyumba zina zimene zikudikira. Anandituma kuti podutsa pa boma ndikamuuze wowotcherera kuti milongoti ya ku Mlonyeni azitalikitsako, chifukwa mitengo ya mango imachititsa mthunzi. Tinadya mbatata yootcha pakhonde la aphunzitsi, kenaka anatsanzika, ati ali ndi batire la munthu loyenera kufika dzuwa lisanapendeke. Ine ndinabwerera ku Mkanda, ndipo sabata yotsatira ndinakumba kangalande n'kukwirira waya wa pagolosale m'paipi.